Mashoki a pikapu yonyamula katundu: KYB, Gabriel, Bilstein, Old Man Emu kapena a thovu?

Pikapu yanga ndi Land Cruiser 79, ndipo ntchito yake ndi yodziwika: kutuluka m'mudzi ndi matumba a chimanga ndi soya, kubwerera ndi feteleza kapena simenti. Nyengo yokolola imayenda pakati pa Ntchisi ndi Lilongwe kawiri kapena katatu pa sabata. Chaka chatha mashoki akumbuyo atatha ndinathamangira otchipa pa shopu ina m'tauni. Sanakwanitse miyezi itatu, oyilo anali atayamba kale kuchucha. Makaniko wanga atawamasula anangopukusa mutu n'kunena kuti, "Achimwene, bokosi lokha ndiye lenileni, zam'katimu ndi zachinyengo." Ndalama ija inandipweteka, ndipo ndi imene inandiphunzitsa zomwe ndikugawana nanu pano.

Tisanafike pa mayina, tigwirizane chinthu chimodzi chomwe ambiri timaphonya: shoki sinyamula katundu. Galimoto ikagwada kumbuyo mutakweza matumba 20 a makilogalamu 50, olephera ndi masipuling'i, ndipo ngakhale mutaika shoki yodula bwanji idzagwadabe. Ntchito ya shoki ndi kugwira sipuling'i kuti isamangonjanja. Imatero pokankha oyilo kudutsa m'timabowo ta pisitoni, ndipo mphamvu ya bampu lililonse imasanduka kutentha. Choncho mdani wamkulu wa shoki ndi kutentha. Pa msewu wafumbi uja wokhala ndi timizere ngati malata, monga wochoka ku Rumphi kupita ku Nyika, shoki sipuma ngakhale pang'ono. Oyilo amatentha, amachita thovu, shoki n'kulefuka. Mumamva kumbuyo kukuyamba kuvina, matayala sakugwiranso pansi bwino, ndipo mukaponda mabuleki galimoto imapitirira pomwe mumafuna kuima. Funso lenileni pogula ndi ili: shoki imeneyi ipirira kutentha kwa msewu wanga, ndi katundu wanga, kwa maola angati?

KYB ya ku Japan ndi Gabriel, yomwe kuno imabwera kwambiri kudzera ku South Africa, ndiwo mashoki a munthu wamba. Ambiri mwa iwo ndi a mapaipi awiri, lina m'kati mwa linzake, ndi gasi pang'ono wochepetsa thovu. KYB Excel-G anapangidwa kuti abwezere galimoto mmene inkamvekera ikuchoka ku fakitale, basi. Gabriel ali ndi mtundu wa HDP wa mapikapu ogwira ntchito yolemetsa, womwe ndi wonenepa kuposa wamba. Ubwino wawo ndi woonekeratu: mtengo ndi wofikirika, amapezeka msanga, ndipo shoki imodzi ikafa muli kutali simudikira mwezi kuti ifike. Ngati ulendo wanu wambiri ndi wa pa tala, M1 kukwera ndi kutsika, fumbi n'kumangolilawa pofika kumunda, musavutike mtima, awa akukwanirani. Chenjezo ndi lomwe linandigwera ine lija. Dzina likatchuka, akuba amalikopera, choncho gulani kwa wogulitsa amene akupatseni lisiti ndipo avomere kubweza zikavuta.

Bilstein ya ku Germany ndi nkhani ina. Ndi ya paipi imodzi. Oyilo ali mbali yake, gasi wothinana kwambiri ali mbali yake, pakati pali kapisitoni kowalekanitsa, kotero thovu silipeza mpata. Popeza oyilo amakhudza khoma lakunja mwachindunji, kutentha kumatuluka msanga ndi mphepo. Pisitoni yakenso ndi yaikulu, pa mapikapu ambiri imakhala ya mamilimita 46. Pa ngodya galimoto siyendera mbali, pa liwiro imakhazikika, ndipo amene anayendetsapo pikapu yokhala ndi mashoki amenewa amadziwa kusiyana kwake. Pali B6, yomwe imatchedwanso 4600, ya galimoto ya msinkhu wa ku fakitale, ndi 5100 ya imene yakwezedwa msinkhu, musawasokoneze poitanitsa. Koma paipi imodzi ili ndi chofooka chimene kwathu kuno si chaching'ono. Mwala ukauluka kuchoka ku tayala lakutsogolo n'kuphwanya thupi la shoki yakumbuyo, pisitoni imakakamira pomwepo, chifukwa khoma lomwe laphwanyikalo ndi lomwe imayendamo. Ya mapaipi awiri ikatibuka kunja imapitiriza ntchito, paipi yam'kati ili bwinobwino. Komanso pikapu ikakhala yopanda katundu, ena amaona kuti Bilstein ndi yolimba pa timabampu ting'onoting'ono. Ine ndimaiona ngati shoki ya munthu woyenda maulendo ataliatali mothamanga, katundu wapakatikati, wokonzeka kuitchinga ku miyala.

Old Man Emu, ya kampani ya ARB ku Australia, ndi imene ndikufuna kukhalapo pang'ono. Shoki yawo ya Nitrocharger Sport ndi ya mapaipi awiri ndi gasi, ndiye pongoyang'ana simungaone chachilendo. Chimene chimaisiyanitsa ndi kaganizidwe kake. Shoki iliyonse amaikonzera galimoto yake ndi sipuling'i yake, ndipo masipuling'iwo amawagawa potengera katundu amene galimoto imakhala nayo masiku onse: wopepuka, wapakati, wolemera. Wogulitsa wodziwa ntchito sayamba ndi kukuuzani mtengo, amayamba wakufunsani zomwe mumanyamula. Misewu yakumidzi ya ku Australia, yafumbi ndi yotentha, ikufanana ndi yathu kuposa ya ku Ulaya, n'chifukwa chake mashoki amenewa amatiyanja. Vuto ndi thumba. Kuti mudye phindu lake lonse mumafunika kugula mashoki ndi masipuling'i limodzi, ndipo nthawi zambiri ndi zoitanitsa ku Johannesburg, kuphatikizapo msonkho ndi mayendedwe. Samalaninso posankha kulemera: mukaika masipuling'i a katundu wolemera pamene pikapu imayenda yopanda kanthu masiku ambiri, msana wanu ndi umene udzalipire.

Aliponso a thovu, omwe amatchedwa foam cell, monga a Ironman 4x4 ndi Tough Dog, onse a ku Australia. M'malo mwa gasi muli kasiponji kotsekeka, ndipo malo otsalawo amadzaza oyilo wambiri. Oyilo akachuluka amachedwa kutentha, ndiye pa msewu wa malata ndi katundu wodzaza amapirira ndithu. Ndi onenepa, choncho yezani kaye ngati akwana osakhudza china chilichonse. Za aja okhala ndi kathanki kapadera pambali, monga BP-51 ya Old Man Emu, sindichedwapo. Ndi abwino kwambiri, koma mtengo wake sugwirizana ndi galimoto yopezera chakudya cha ana.

Ine ndinasankha Old Man Emu, mashoki anayi ndi masipuling'i akumbuyo a katundu wolemera, chifukwa pikapu yanga siyenda yopanda kanthu kupatula Lamulungu. Mlamu wanga ali ndi Hilux yomwe imagwira ntchito m'tauni, ndinamulangiza KYB, ndipo sindikuona kuti ndinamunamiza. Iyeyo anadabwa kuti amakaniko amulipiritsa zambiri kutsogolo, koma chifukwa chilipo. Pa Hilux ya kuyambira 2005 sipuling'i yakutsogolo imazungulira shoki, ndipo imafuna chida choipanira kuti ichoke bwino. Pa Land Cruiser 79 shoki ili payokha, kumasula kwake n'kosavuta.

Mtundu uliwonse womwe mungasankhe, sinthani awiri nthawi imodzi, akutsogolo onse kapena akumbuyo onse, osati imodzi yokha. Mabushi, timalabala ta m'mapeto mwa shoki, akhale atsopano, chifukwa kugogoda kwambiri komwe timanamizira shoki kumachokera ku bushi yakutha. Ngati galimoto munaikweza, pezani shoki yotalika mogwirizana, apo ayi tayala likalendewera m'dzenje shoki ndi imene imakokedwa mpaka kuduka. Ndipo imani pomwepo amakaniko akamamanga. Mabawuti a m'mabushi amangitsidwe komaliza galimoto itatsitsidwa pa jeke, matayala ali pansi. Akawamangitsa ili m'mwamba, labala amapotoka ikangotera, ndipo pakatha miyezi yochepa mudzabwereranso ku galaja ndi phokoso lomwe lija.