Miyezi 14 ndi pulinta ya thanki: kodi inki yasiya kundidyera ndalama?

Pulinta yanga yoyamba ndinaigula ndikumwetulira, chifukwa mtengo wake unali wotsika moti ndinkaona ngati ndatola. Inali ya makatiriji (timabokosi ta inki) awiri, imodzi ya inki yakuda, ina ya mitundu itatu pamodzi. Sipanathe mwezi, kagetsi kochenjeza kuti inki ikutha kanayamba kuphethira. Tsikulo mwana wanga wamkazi ankapulinta mapepala a mayeso akale a MSCE, ndipo pepala la masamu linatuluka lili mizeremizere, manambala ena osaoneka n'komwe. Nditafika kusitolo ndinapeza kuti makatiriji awiriwo mtengo wake ukutsala pang'ono kufanana ndi wa pulinta yonse. Wogulitsa anandiuza mosabisa kuti, "Bwana, aja amabwera ndi makinawa sakhala odzaza, ndi oyambira chabe."

Apo m'pamene ndinamvetsa mmene malondawa amayendera. Makina amawagulitsa motchipa podziwa kuti ndalama adzaipeza pa inki, mwezi ndi mwezi. Katiriji yaing'ono imakhala ndi inki ya mamililita ochepa kwambiri, ndipo si yonse imafika papepala, ina makinawo amatsukira timabowo ta mutu wolembera nthawi zambiri mukawayatsa. Chomwe chinkandipweteka kwambiri ndi katiriji ya mitundu ija. Mtundu umodzi ukatha, tinene wachikasu, mumataya yonse, wabuluu ndi wofiirira zikadalimo. Ndinayesa kukadzazitsa kwa mnyamata wina m'tauni amene amabaya inki ndi jakisoni. Kawiri konse zinayenda, kachitatu zilembo zinayamba kutuluka zotuwa, ndipo makinawo ankangonenabe kuti inki yatha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zonse zochokera kunja zinakwera, makatiriji osatsala, ndipo pulintayo inakhala miyezi ingapo itafundidwa chitenje pamwamba pa kabati.

Ya thanki ndinaigula nditasonkhanitsa ndalama za banki m'khonde, ndipo mtengo wake unali woposa kuwirikiza katatu wa yoyamba ija. Mayi akunyumba anandifunsa kuti, "Bambo, bwanji osamangopita kofotokopa?" Funso limenelo linali lanzeru, ndibwererakonso. Makina amtunduwu alibe katiriji. Ali ndi timathanki tinayi pambali, ndipo inki mumathira nokha kuchokera m'botolo. Kampani ya Epson inayamba kuwagulitsa ku Indonesia mu 2010, ndipo lero amawatcha EcoTank. A Canon ali ndi MegaTank, a HP ali ndi Smart Tank. Pofuna kupereka chithunzi, botolo la inki yakuda la Epson 103 ndi la mamililita 65, ndipo eni ake amati limakwana masamba 4,500. Makatiriji ang'onoang'ono ambiri amalembedwa masamba osafika 200.

Manambala olembedwa pabokosi musawatenge ngati lonjezo, ngakhale makinawo akhale a kampani iti. Amawapeza populinta masamba oyesera motsatizana, osapumira, pomwe ife kunyumba timapulinta masamba atatu lero, asanu Loweruka, ena okhala ndi zithunzi za biology zodetsa theka la pepala. Komanso tsiku loyamba inki yambiri imalowa m'timapaipi, moti mukayang'ana thanki mumadabwa kuti yatsika musanapulinte kalikonse. Zanga zili motere: m'miyezi 14 tamaliza malimu asanu ndi awiri a mapepala a A4, lililonse la mapepala 500, ndipo inki yakuda ndagula botolo limodzi lokha lowonjezera. Mitundu itatu ija sindinaigulepo, yonse ikadali pamwamba pa mzere wapansi. Tapulinta mayeso akale, nyimbo za kwaya ya amayi, mafomu a gulu lathu la banki, makalata ofunsira ntchito a mlamu wanga. Masiku ano ndalama imene ndimaimva kutuluka ndi ya mapepala, inki ndinasiya kuiganizira.

Pali chimodzi chimene ndinaphunzira mowawa, ndipo cholakwa chinali changa. Mu October, kutentha kuli pachimake, tinapita kumudzi kumaliro ndipo tinakhalako milungu itatu. Tsiku lonyamuka magetsi anazima makina ali oyaka, ine n'kungozula pulagi. Pulinta ikazimitsidwa ndi batani lake, mutu wolembera umabwerera pamalo pake n'kutsekeka kuti inki isaume. Yanga inatsala panjira, pa fumbi ndi kutentha. Titabwerako, mzere wabuluu unali wodukaduka ngati mpanda wogumuka. Ndinatsuka mutuwo katatu kudzera pakompyuta, ndikuyang'ana inki ikutsika m'thanki mtima uli m'mwamba, mpaka mizere inabwerera. Kuyambira pamenepo Lamlungu lililonse madzulo ndimapulinta tsamba limodzi lokhala ndi mitundu yonse, ndipo ndikamaliza ndimazimitsa ndi batani, n'kufundika nsalu.

Inki ya mitundu yomwe ili mu yanga ndi yosungunuka m'madzi. Dontho la mvula likagwera papepala, utoto umayenderera, choncho zikalata zofunika timaziika m'pulasitiki. Liwiro lake ndi lapakatikati. Masamba 50 amafuna kuti mukhale pansi mudikire. Inki yotchipa yopanda dzina ilipo yambiri pamsika, anzanga ena amaigwiritsa ntchito, koma ine sindinaiyese. Botolo lenileni likukhala pafupifupi chaka, ndiye sindikuona chifukwa choika pachiswe mutu wolembera, umene ndi chiwalo chodula kwambiri m'makinawa.

Tibwerere ku funso la mayi akunyumba lija. Akanakhala kuti tikupulinta masamba khumi pamwezi, akanakhala olondola, ndipo mnansi wanga atandifunsa ndinamuuza zomwezo: inu amene mumapulinta CV kamodzi pakanthawi, pitani pa shopu ya fotokope, chifukwa pulinta ya inki ikangokhala imauma, ndipo mudzawononga ndalama poitsuka. Amene amapulinta zakuda zokhazokha aganizireko za pulinta ya leza, poti inki yake, yotchedwa tona, ndi ufa, suuma. Koma kwa nyumba ngati yathu, yokhala ndi ana awiri akusekondale ndiponso mapepala a mpingo mlungu uliwonse, ya thanki yabweza ndalama yake chaka chisanathe, ndikawerengera makatiriji amene ndikanagula.

Chimene ndikuyembekezera tsopano ndi siponji ya mkati imene imamwa inki yotsukira. Makinawo amawerengera okha, ndipo akaona kuti yadzaza amaima mpaka isinthidwe. Ndinafunsa kale mmisiri wina ku Limbe mtengo wake, ndipo ndalamayo ndaiika padera mu envelopu imodzi ndi ya limu la mapepala la teremu ikubwerayi.