Zomba kapena Mulanje: kokafunira Thyolo Alethe m'miyezi yozizira

Thyolo Alethe ndi mbalame yomwe imapezeka m'Malawi kum'mawa kwa mtsinje wa Shire ndi pa mapiri ochepa a Mozambique monga Namuli, Mabu ndi Chiperone basi. Ndi yofiirira kumsana, yoyera pakhosi, ndipo nthenga za m'mbali mwa mchira wake zili ndi nsonga zoyera. Imakhala pansi m'nkhalango yowirira. Pa phiri la Thyolo, pomwe inatengera dzina, nkhalango inatha ndi nkhwangwa, kwatsala tizigawo pa minda ya tiyi ngati Satemwa. Choncho wofuna kuiona mu June kapena July amasankha pakati pa Zomba ndi Mulanje.

Zomba ndi kosavuta. Msewu wa tala umakwera kuchokera m'tauni mpaka ku Ku Chawe, galimoto wamba imafika, ndipo mutha kugona pamwamba n'kuyamba m'bandakucha. Vuto n'lakuti phiri lambiri ndi paini, ndipo mbalameyi sikhala mu paini. Yendani m'timagawo ta nkhalango yachilengedwe, makamaka m'mbali mwa mtsinje wa Mulunguzi. Yellow-throated Apalis, mbalame ina yomwe imapezeka m'Malawi mokha, mungaione kuno osavutika kwambiri, koma alethe ndi yochepa.

Ife tikuti pitani ku Mulanje, ku Ruo Gorge, chigwa cha mtsinje wa Ruo, kudzera ku esiteti ya tiyi ya Lujeri. Kukazizira, zina mwa mbalamezi zimatsika m'mwamba kudzakhala m'nkhalango za m'munsi, ndiye simufunika kukwera kulowera ku Sapitwa. Pemphani chilolezo ku esiteti musananyamuke, ndipo tengani wolondolera wa komweko. Namondwe Freddy wa mu March 2023 anagumula malo ambiri pa phirili, choncho funsani za njira ndi milatho.

Chinsinsi chake ndi linthumbu. Alethe imatsata gulu la linthumbu likamasaka, n'kumadya tizilombo tothawa. Mukapeza mzere, ulondoleni mpaka kutsogolo komwe labalalika, imani mamita 10 kapena 15 kumbali, dikirani theka la ola osasuntha. Lowetsani thalauza m'sokosi, chifukwa linthumbu limakwera mwakachetechete n'kuluma lili kale m'ntchafu. Ambiri amalephera chifukwa choyendayenda pofuna kuona malo ambiri, ndipo mbalameyi ikangomva masamba akuphwanyika imalowa m'ziyangoyango.

Musadalire kuiimbira kulira kwake pa sipika. June ndi July si nyengo yoswana, imayankha mwa apo ndi apo, ndipo kubwerezabwereza kumangoisokoneza.

Chiperoni chimavuta mbali zonse ziwiri, koma Ruo ili kum'mwera komwe chimagwa kwambiri: nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, miyala yoterera, mdima pansi pa mitengo. Zoonera patali za magalasi aakulu (8x42) zimaposa za magalasi aang'ono (10x25) pa mdima wotere. Ikani masiku atatu ku Mulanje kuti limodzi likatayika ena atsale. Amene ali ndi tsiku limodzi lokha, kapena maondo ovuta, apite ku Zomba.