Ndinalipira kosi ya "amuna enieni" miyezi itatu, nayi ndemanga yanga

Anthu awiri andifunsa kale ngati kosi ija ndinalowa chaka chatha ili bwino, ija ya pa intaneti yolonjeza kuti pa masiku 90 usanduka mamuna weniweni. Dzina lake sinditchula, zilipo zambirimbiri ndipo zonse zimayankhula mofanana. Ine ndikuipatsa nyenyezi 2 pa 5.

Ziwirizo ndi za zomwe zinandithandizadi. Ndondomeko ya masewera olimbitsa thupi ndi yabwino, siifuna jimu, ndipo mpaka pano ndimadzukabe m'mamawa kukathamanga. Phunziro la kasungidwe ka ndalama nalonso ndi lomveka, kungoti ndi mavidiyo anayi okha. Basi zabwino zathera pomwepa.

Zina zonsezo ndi mayina okhaokha. Sabata yoyamba kochi amakugawirani amuna onse m'magulu, pamwamba pali alpha, pansi pali beta, ndiye pali simp yemwe akuti ndi mamuna wogonjera mkazi, yemwe ife timangoti anadyetsedwa khuzumule. Ukangolipira amakuika pa gulu la WhatsApp la anthu a kosiyo ndipo m'menemo mau amenewa amagwa ngati mvula, wina akati ndinapepesa kwa mkazi wanga ndi simp, wina akati ntchito yandithera tulo sindikupeza ndi beta, mpaka ukamalemba meseji umayamba waiwerenga katatu kufufuza ngati muli kalikonse koonetsa kuti uli ndi mtima.

Tsiku lomwe sindidzaiwala, mnyamata wina analemba kupepesa kuti sanakhale nawo pa phunziro la usiku. Mkazi wake anali atangobereka kumene pa opareshoni, samatha kuwerama, ndiye iye anali pa beseni kuchapa matewera. Analemba mwachimwemwe ndithu, mwana woyamba. Pasanathe mphindi zisanu pansi pake panadzadza timaemoji toseka ndi simp, simp, simp, ndipo kochi mwini wake anatenga mesejiyo n'kuigwiritsa ntchito ngati chitsanzo cha mamuna yemwe wataya mpando m'nyumba mwake. Palibe ndi mmodzi yemwe anati mwachita bwino achimwene, mwana ali bwanji. Inenso sindinalembe kanthu, ndinachita mantha kuti andiphatikiza, ndipo zimandiwawabe mpaka lero. Mnyamatayo anatuluka pa gulupo usiku womwewo.

Zinandilowa ndithu m'mutu. Patapita masabata angapo akunyumba anadwala, ine ndili pa sinki kutsuka mbale, foni ili pambali ikungolira mameseji a gulu lija, ndinaitembenuza kuyang'anitsa pansi ngati kuti anthu aja andiona. Mbale zodyera ine ndemwe, m'nyumba mwanga momwe, mkazi wanga akubuula kuchipinda, koma ndinkamva manyazi. Zaka zonsezi ndisanalowe kosiyi ndinkatsuka mbale osaganizako n'komwe.

Kochi amakonda kunena kuti izi ndi za chilengedwe, onani mimbulu, ili ndi alpha wake. Ndinakafufuza ndekha. Nkhaniyi inachokera kwa katswiri wa za nyama Rudolf Schenkel yemwe mu 1947 analemba za mimbulu yotsekeredwa mu mpanda ku Basel m'dziko la Switzerland, nyama zosadziwana zongounjikidwa pamodzi, ndiye kumenyana kulekerenji. Kenako katswiri wina, David Mech, anaifalitsa kwambiri m'buku lake la mu 1970. Koma Mech yemweyo atakhala zaka akuonerera mimbulu ya kutchire pa chilumba cha Ellesmere ku Canada, mu 1999 analemba kuti gulu la mimbulu ndi banja chabe, otsogolera aja ndi bambo ndi mayi, ndipo mmbulu wamphongo umasaka n'kumabweretsera ana ndi make chakudya. Anafika popempha osindikiza kuti buku lake lakale lija asiye kulisindikiza. Ndiye taganizani, mmbulu womwe kochi akuutamandawo ukuchita zomwe anachita mnyamata wa matewera uja. Nditalemba izi pa gulu, meseji yanga inafufutidwa ndi admin osandiyankha.

Apa ndi pomwe ndinazindikira kuti mayinawa ndiye katundu weniweni yemwe akugulitsa. Amayamba akuopseza kuti ndiwe wofooka, kenako n'kukuuza kuti mankhwala ake ndi gawo lachiwiri la kosi, lolipira padera, ukamaliza pali lachitatu. Munthu woopa kutchedwa beta safunsa mafunso, amangolipira. Ndipo mau amenewa si nthabwala chabe monga amanenera, ngakhale Twitch, tsamba la pa intaneti loonetsera mavidiyo pompopompo, kumayambiriro kwa 2021 inaletsa kugwiritsa ntchito simp, incel (mamuna wodandaula kuti akazi samufuna) ndi virgin potukwana munthu.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakuti ambiri olowa kosi ngati iyi amakhala atasweka kale mtima. Pa gulu lathu panali osiyidwa ndi akazi, othedwa ntchito, anyamata a zaka 20 omwe sanakhaleko ndi bambo pakhomo. Anabwera kudzafuna wowamvera, ndipo chomwe anaphunzira ndi chakuti mamuna salira, sadandaula, sapepesa. Ziwerengero za 2019 za bungwe loona za umoyo la WHO zikuonetsa kuti padziko lonse, pa amuna 100,000 aliwonse, 12.6 anadzipha, pomwe akazi anali 5.4. Ndiye munthu wanzeru zake angatenge ndalama za mamuna yemwe sakupeza tulo n'kumuphunzitsa kutseka pakamwa? Mu masiku 90 onse aja palibe phunziro ndi limodzi lomwe la choti uchite maganizo akakuchulukira, ngakhale kungotchula kuti kuli aphungu othandiza anthu.

Kusiya nakonso ndi ntchito. Ndalama amadula okha mwezi ndi mwezi, batani loletsera linabisidwa mkati mwenimweni, ndipo ukalidina pamabwera uthenga wokufunsa ngati ukufunadi kubwerera ku moyo wa beta. Ndinadina kuti eya.

Ngati mukufuna masewera aja, ofanana nawo ali mbwee pa YouTube aulere. Nambala ya mnyamata uja ndinali nditaisunga, ndinamulembera patapita miyezi iwiri kumupepesa kuti tsiku lija ndinangokhala chete. Anandiyankha kuti palibe kanthu achimwene, n'kunditumizira chithunzi cha mwanayo atagona pa chifuwa pake.