Ndemanga yanga pa zitsulo zokolekera mphete zolimbitsira thupi kudenga la galaja

Papita miyezi isanu ndi itatu chigulireni zitsulo ziwiri zomangirira kudenga, zimene ndimakolekapo mphete zochitira masewera olimbitsa thupi m'galaja ya kunyumba kwanga, ndipo ndaona kuti tsopano ndingathe kulemba zimene ndapeza, chifukwa ndemanga zambiri zimene ndinawerenga ndisanagule zinalembedwa ndi anthu amene anali atangotsegula kumene katoni. Chitsulo chilichonse ndi chophwatalala ndi chochindikala bwino, chili ndi mabowo anayi a mabawuti, ndipo pakati pake pali ngowe imene anaiwotcherera mozungulira monse. Pa zitsulo zenizenizo ndilibe dandaulo lililonse. Mpaka lero sizinapindike, powotcherera sipanachite mng'alu, ndipo dzimbiri silinalowe ngakhale kuti m'galaja mumakhala chinyontho.

Dandaulo langa lili pa kapepala ka malangizo. Pakapepalapo analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti chitsulo chimodzi chimanyamula makilogalamu 300, koma sananene paliponse kuti chiwerengero chimenechi ndi cha chitsulo chokha, osati cha denga limene munthu akukachimangirirapo. Ine ndimalemera makilogalamu 82, choncho ndinaganiza kuti ndili kutali kwambiri ndi malire. Chimene sindinachiganizire n'chakuti munthu akamalendewera mwakachetechete amakoka denga ndi kulemera kwake kokha, koma akangoyamba kudzikoka mwamphamvu, kugwedezeka uku ndi uku, kapena kutsika mwadzidzidzi mikono n'kuwongoka, mphamvu yofika pa mabawuti imatha kuwirikiza kawiri kapena katatu, ndipo imabwera mobwerezabwereza ngati munthu amene akugwedeza msomali kuti auzule.

Poyamba ndinamangirira zitsulo zonse ziwiri pa mtanda umodzi wa pamwamba pa siling'i, pogwiritsa ntchito masikuluwu amene anabwera m'katonimo. Masabata awiri oyamba zonse zinali bwino. Sabata yachitatu ndinayamba kumva kulira kwa thabwa nthawi iliyonse ndikadzikoka, ndipo tsiku lina m'mawa ndinapeza fumbi loyera pansi, nditayang'ana kumwamba ndinaona kamng'alu kowonda ngati ulusi katatsata mzere wa mtandawo. Ndinatsitsa mphetezo tsiku lomwelo n'kuitana kalipentala wodziwa za madenga.

Iye atakwera pamwamba ndi tochi, anandifotokozera kuti mtanda wa m'munsi wa denga lotere ntchito yake ndi kugwira mapaso kuti asakankhire makoma kunja, komanso kunyamula siling'i imene ndi yopepuka, ndipo sanaupange kuti munthu wamkulu azilendewera pamalo amodzi pakati pake. Anandichenjezanso kuti mtanda wotere suyenera kudulidwa kapena kubooledwa mabowo akuluakulu. Atamasula sikuluwu imodzi anandionetsa kuti inali yotalika masentimita 5 okha, ndipo pochotsapo kuchindikala kwa chitsulo ndi kwa siling'i, mbali imene inalowa m'thabwa inali yaifupi kuposa chala changa chaching'ono. Ina inali italowera m'mphepete mwa mtanda n'kung'amba thabwa pang'ono, chifukwa mtandawo ndi wopapatiza, sufika n'komwe masentimita 4 m'lifupi, ndipo ine ndinaboola mongoyerekeza.

Mmene anakonzera ndi mmene ndikanafunira kuti kapepala kaja kafotokoze. Anatenga thabwa louma lopanda mfundo, lochindikala masentimita 5 ndi lotambalala masentimita 15, n'kulidutsitsa mopingasa pansi pa mitanda itatu, imene m'galaja mwanga inatalikirana masentimita 60, kuti kulemera kugawikane. Anasankha malo oyandikira pamene matabwa ochirikiza denga amakumana ndi mtanda, popeza pamenepo ndi pamene mtanda sukhota msanga. Asanakweze thabwalo, anamangirirapo zitsulo zija ndi mabawuti odutsa mbali zonse, okhala ndi manati ndi mawashala aakulu kuseri, ndipo anazitalikiranitsa masentimita 50, womwe ndi mpata wa mphete za pa mpikisano. Kenako anapeza pakati penipeni pa mtanda uliwonse pobaya siling'i ndi kamsomali kakang'ono mbali zonse ziwiri, anaona kaye pamene padutsa nthambo zamagetsi, anaboola timabowo totsogolera ta mamilimita 5, n'kulowetsa masikuluwu onenepa mamilimita 8 ndi otalika masentimita 12, awiri pa mtanda uliwonse. Timabowo totsogolerato ndi tofunika kwambiri, chifukwa popanda ito thabwa louma limang'ambika mkati mosaoneka, ndipo sikuluwu imaoneka ngati yagwira pamene yagwira zochepa.

M'katonimo munalinso mapulagi apulasitiki, ndipo sindikumvetsa chifukwa chake anawaikamo. Mapulagi otere ndi opachikira chithunzi kapena kashelefu kukhoma, osati munthu kudenga. Amene denga lake ndi la konkire afunefune mabawuti achitsulo amene amatambasuka mkati mwa bowo akamamangidwa, ndipo pa siling'i yokha, kaya ndi ya mtundu wanji, pasapachikidwe chinthu choti munthu alendewerepo. Tingowe totsekeka timene anaphatikiza m'katonimo tinalibe chizindikiro chilichonse cha mphamvu yake, choncho ndinagula ta anthu okwera mapiri, timene timadindidwa chiwerengero cha kN (muyeso wa mphamvu) pamsana pake. Ndinasankha toposa 20 kN, ndipo kN imodzi ndi pafupifupi kulemera kwa makilogalamu 100.

Titamaliza sindinadumphirepo nthawi yomweyo. Ndinatsitsa mphete mpaka m'chiuno, ndinatsamira pang'onopang'ono mapazi ali pansi, kenako ndinapinda miyendo thupi lili pafupi ndi pansi kwinaku kalipentala uja akumvetsera pamwamba, ndipo sipanamveke kanthu. Anandilangiza kulemba kamzere ka pensulo kuchokera pamutu pa sikuluwu iliyonse kufika pathabwa, kuti ikayamba kumasuka ndizione msanga. Mwezi uliwonse ndimakwera makwerero kukayang'ana timizereto, komanso kuona ngati ngowe ikudyeka pamene chitsulo chimakhulana ndi chinzake. Mwezi wachiwiri sikuluwu imodzi inafunika kuimangitsa pang'ono, koma kuchokera pamenepo palibe imene yasuntha. Amene chitseko cha galaja yake chimatsegukira m'mwamba ayambe wachitsegula chonse asanasankhe malo, chifukwa ine ndinatsala pang'ono kumangirira thabwa pamene chitsekocho chimathera.

Chikwama chomenya nkhonya ndinachiyesa pa chitsulo chimodzi kwa sabata imodzi, koma ndinachichotsa chifukwa kunjenjemera kwake kunkamveka m'zipinda zoyandikana ndi galaja, ndipo ndinaopa kuti kungamasule mabawuti pang'onopang'ono.

Zitsulozi ndazipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu. Imodzi ndachotsa chifukwa cha masikuluwu aafupi, mapulagi apulasitiki ndi malangizo amene sanena kanthu za denga, ndipo ndikupempha ogulitsa kuti akonze kapepalako, popeza pansi pa galaja pamakhala simenti ndipo munthu wochita masewera pa mphete nthawi zina mutu wake umakhala uli pansi.