PS4 yogula kwa munthu: werengani nambala ya CUH musanapereke ndalama

Ogulitsa ambiri amangoti "Fat", "Slim" kapena "Pro", koma mayina atatuwa amabisa zambiri. Chitulukireni PS4 (PlayStation 4, makina osewerera magemu pa TV) mu November 2013, Sony inasintha zamkati mwake kangapo, ndipo chimene chingakuuzeni zoona ndi kanambala koyamba ndi CUH, kolembedwa pa kapepala komata kumbuyo kapena pansi pa makinawo. Manambala awiri oyamba ndi mtundu wake, awiri otsatira ndi dera limene inapangidwira malonda. Chilembo chakumapeto chikakhala A ndiye kuti inabwera ndi hard disk ya 500GB, chikakhala B ndi 1TB.

Ma Fat oyamba (makina aakuluakulu aja), CUH-1000 ya 2013 ndi CUH-1100 ya 2014, n'zofanana kwambiri, ndipo zonse zili ndi mabatani ongokhudza ndi chala, osati odina. Vuto lake lodziwika lili pomwepo: makina amayamba kulavula chimbale okha gemu ili mkati, kenaka n'kumangolira ngati wina akugwira batani. Kawirikawiri chimachititsa ndi kaphazi ka labala kamene kali pansi penipeni pa batani lotulutsira chimbale. Kakatupa ndi kutentha kamakankha kachitsulo ka batanilo. Kukachotsa kapena kukasenga pang'ono kumathetsa vutoli nthawi zambiri.

China chimene amakina amachidziwa bwino n'chakuti drive ya Blu-ray (chowerengera zimbale) ya mitundu iwiriyi ili ndi kabolodi kakekake, kamene kanamangirizidwa ku motherboard (bolodi lalikulu) ya makina omwewo. Drive ikafa mutha kugula ina, koma kabolodi kakale muyenera kukasamutsira pa yatsopanoyo. Mukakataya, zimbale za magemu sizidzawerengedwa, ndipo ngakhale update imatha kukanika n'kuonetsa SU-42118-6. PS4 yakale imene inatsegulidwapo ndi munthu wosadziwa zimenezi ndi yoithawa.

Pa zazikuluzikulu zija, yabwino ndi CUH-1200 ya 2015. Mungaizindikire osayang'ana n'komwe nambala: chivundikiro cha hard disk sichinyezimira, ndipo mabatani ake ndi odina. Mkati, RAM ya 8GB inaikidwa pa tchipisi 8 m'malo mwa 16, magetsi imadya ochepera ndi pafupifupi 8 peresenti, ndipo imalemera 2.5kg pomwe yoyamba inali 2.8kg. Kabolodi ka drive kaja kanalowetsedwa mu motherboard, choncho kusintha drive sikuvutanso.

Slim, CUH-2000, inatuluka mu September 2016. Mphamvu yake pa magemu ndi yomweyo ya Fat, 1.84 teraflops (muyeso wa liwiro lake powerengetsera), ndipo wina asakunamizeni kuti imathamanga kuposa. Chinasintha ndi tchipi chachikulu, chimene chinachoka pa 28nm kufika pa 16nm (tizigawo take tinachepa), motero sichitentha kwambiri ndipo fani imazungulira mofatsa. Inabweranso ndi Wi-Fi ya 5GHz, yomwe Fat ilibe. Inataya chinthu chimodzi: pobaya chingwe cha mawu cha optical. Ngati soundbar kapena mahedifoni anu amadalira chingwe chimenechi, Slim ikuvutani. Zotsatira zake, 2100 ndi 2200, sizisiyana nayo mokwanira kuti muwonjezere ndalama.

Pro ndiye imafuna kusamala. Inatuluka mu November 2016 ndi GPU (yojambula zithunzi) ya 4.2 teraflops, CPU (ubongo wa makina) ya 2.13GHz m'malo mwa 1.6GHz, USB yachitatu kumbuyo, komanso SATA III, polumikizira hard disk pothamanga, imene imathandiza mukaikamo SSD (chosungira chothamanga kuposa hard disk). Pa TV ya 4K kusiyana kumaoneka, ngakhale magemu ambiri safika 4K yeniyeni koma amadzazira chithunzi ndi njira yotchedwa checkerboard. Pa TV ya 1080p phindu lake ndi lochepa: chithunzi chosalala pang'ono, ndi magemu ena osadodoma. HDR, imene imawalitsa mitundu ya chithunzi, isakhale chifukwa chogulira Pro, poti update 4.00 inaipereka ku ma PS4 onse. Ndipo ngakhale ikutchedwa ya 4K, siwerenga zimbale za 4K Blu-ray.

Chodandaulitsa pa Pro ndi phokoso. CUH-7000 ikapanikizika ndi gemu yolemera imalira ngati ndege ikunyamuka, mpaka mumakweza voliyumu kuti mumve zimene akulankhula mu gemumo. Ya 7100 inachepetsako pang'ono, koma yofatsa ndithu ndi 7200 ya 2018. Iyi mumaidziwira kumbuyo: chingwe chake chamagetsi ndi chaching'ono chija chooneka ngati nambala 8, pomwe 7000 ndi 7100 zili ndi chachikulu. Pro imene si 7200 gulani pokhapokha mtengo wake utsike ndithu.

Phokoso lina silichokera ku mtundu wa makina koma fumbi. Limaundana pa timapepala tachitsulo ta heatsink (chitsulo choziziritsa tchipi) ngati bulangete, mpweya n'kulephera kudutsa. Kupopera mpweya kuchokera kunja kumangolikankhira mkati. Pamafunika kutsegula ndi sikuludiraiva ya Torx yokhala ndi kabowo pakati, T8 kapena T9, kutsuka heatsink, kupukuta thermal paste (phala la pakati pa tchipi ndi heatsink) yakale youma ndi kuika yatsopano yochuluka ngati kanjere ka nsawawa. Popopera fani muziigwira ndi chala isazungulire. Suzumiraninso mu power supply, chifukwa mphemvu zimakonda kufunda kwa mmenemo ndipo zimawotcha bolodi.

Hard disk musaiwerengere kwambiri posankha, poti kuisintha sikuvuta. Ya mitundu yonse ndi ya mainchesi 2.5, yosapitirira 9.5mm kunenepa, ndipo kachitsulo kamene imakhalamo kamagwiridwa ndi sikuluwu imodzi. Mukasintha, ikani fayilo ya PS4UPDATE.PUP yoikira pulogalamu yonse, osati ya update chabe, pa flash m'mafoda a PS4 kenaka UPDATE. Gwirani batani loyatsira masekondi 7 mpaka kulira kachiwiri, lumikizani controller ndi chingwe, musankhe nambala 7 pa mndandanda umene uoneke pa TV.

Pogula, makinawo ayatsidwe inu mukuona. Nyali ikamangophethira ya buluu osasanduka yoyera, siyani, chifukwa nthawi zambiri ndi mtovu wa pansi pa tchipi chachikulu umene waleka, ndipo kukonza kwake sikukhalitsa. Gwedezani chingwe cha HDMI pang'ono muone ngati chithunzi chikuthima. Kenaka ikani chimbale, musewere gemu yolemera mphindi 20, khutu lili pa fani.