Bokosi la Bond 50: chimbale chimodzi kulibe, china chokalika, koma tapeza James Bond weniweni

Ndikadalemba ndemangayi Loweruka lomwe bokosi la mafilimu a James Bond limeneli linafika, bwenzi ndapereka nyenyezi imodzi, nayonso monyinyirika. Ndadikira miyezi itatu kuti mtima utsike. Pano ndikupereka zitatu. Bokosilo palokha ndi la nyenyezi zisanu, ziwiri zinazo wadya ndi wogulitsa.

Mtengo ndi womwe wogulitsayo analemba pa tsamba lake la malonda, sanachotseko ngakhale tambala. Ndinalipira theka pa foni, iye n'kunena kuti masabata awiri likhala litafika kuchokera ku Johannesburg. Anakwana masabata 7. Izo ndazizolowera, sindidandaula nazo. Ndinagulira bambo anga omwe anapuma pantchito chaka chatha ndipo madzulo amawatalikira.

Bokosi lake ndi lokongola, bodza ayi. M'kati muli timabuku tiwiri tolimba, kamodzi ka mafilimu a 1962 mpaka 1981, kena koyambira 1983, ndipo tsamba lililonse lili ndi timatumba tolowetsamo zimbale za Blu-ray. Ndinakhala pamphasa n'kumatsegula tsamba ndi tsamba, bambo akuyang'anira pamwamba pa magalasi awo. Kufika chakumapeto kwa kabuku kachiwiri, kathumba kolembedwa kuti Skyfall, m'kati mulibe kanthu. Ndinalowetsamo chala. Ndinagwedeza bokosi, ndinasuzumira m'pepala lomwe anakulungira, ndinayang'ana pansi pa mpando. Mbee.

Ndinamuimbira nthawi yomweyo. "Bwana, mmene ndinalilandirira ndi momwemo," n'kudula foni. Mauthenga asanu pa WhatsApp, onse akuonetsa kuti wawerenga, yankho ayi. Lolemba m'mawa ndinakwera minibasi bokosi lili m'khwapa, ndinamupeza akuonetsa mayi wina foni, ndipo sindinadikire kuti amalize. Ndinatsegula pa tsamba lija n'kumuika pamphuno. Mawu omwe ndinalankhula sindingawabwereze pano, koma lakuti wakuba linalipo, kawiri. Mayi uja anabweza foni pa tebulo n'kuchoka mwakachetechete. Iye anangoti kukamwa yasa, kenako n'kumalumbira kuti sanatsegulepo bokosilo chilitengereni. Ndinabwerera kunyumba ndikunjenjemera.

Madzulo ake mphwanga, yemwe anatibwereka PlayStation yoonerapo, anatenga bokosi, kulitembenuza, kenako n'kuyamba kuseka mpaka misozi. Akuti malume, bokosili linatuluka mu September 2012 pokumbukira zaka 50 chitulukireni Dr. No, filimu yoyamba ya Bond, ndipo nthawi imeneyo Skyfall inali isanayambe n'kuonetsedwa komwe, inatuluka mu October chaka chomwecho. Opanga anasiya kathumbako dala kuti munthu adzaikemo yekha akadzagula. Mafilimu ndi 22, kuphatikizapo chimbale chimodzi cha zoonjezera, ndipo titawerenganso zonse zinalimo. Manyazi omwe anandigwira! Akuluakulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza, ndipo ine ndinakaupezadi Lachitatu lake pomwe ndinapita kukapepesa anzake a m'mashopu oyandikana akumvetsera.

Komabe tisamuyeretse kwambiri. Munthu amagulitsa chinthu osachidziwa? Akadangonena mawu awiri pa foni paja, nkhani yonseyi sikadakhalapo. Ndiponso pa tsamba lake analemba kuti mafilimu onse a Bond, pomwe Skyfall, Spectre ya 2015 ndi No Time to Die ya 2021 mulibe. Never Say Never Again ya 1983 ya Sean Connery namonso mulibe, ngakhale iyo sindingamunenere chifukwa inapangidwa ndi kampani ina, siili m'gulu la enawa.

Tsopano zoonera. Tinagwirizana kuti filimu imodzi usiku uliwonse magetsi akalola, motsatana kuyambira 1962, osadumpha. Bambo ndi munthu wa Roger Moore chiyambire unyamata wawo, ine ndinakulira Pierce Brosnan wa m'mavidiyo sho, kenako n'kusamukira kwa Daniel Craig. Aliyense anali ndi wake, ndipo tinkaganiza kuti mkangano ukathera pomwepo.

Zithunzi ndi zoyera modabwitsa. Nyanja ya ku Jamaica mu Dr. No imaoneka ngati anajambula dzulo, ndipo mawu olembedwa m'munsi anawathandiza bambo omwe khutu lakumanzere linayamba kuvuta. Koma kuyera kumeneku kuli ndi nkhanza zake. Pa tepi yakale yotuwa ija zambiri zinkabisika. Apa Connery wa mu Diamonds Are Forever ya 1971 amaoneka munthu amene wangobwerera ndalama, thupi lalemera, maso akuganiza zina. Wa mu From Russia with Love ndi Goldfinger ndiye wina, amayenda ngati nyalugwe, ndipo ndewu ya m'chipinda cha sitima ndi Robert Shaw tinaibwereza katatu. George Lazenby, wa ku Australia uja anangosewera kamodzi mu 1969, filimu yake ndi yabwino kuposa iye mwini, ngakhale pomwe mkazi wake amaomberedwa m'galimoto atangokwatirana bambo anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta nthawi yaitali.

Moore ndiye anatitopetsa, ndinene zoona. Mafilimu 7, kuyambira 1973 mpaka 1985. Ndi munthu wosangalatsa, nthabwala zake zimatera, koma pofika Moonraker kazitape wathu ali m'mlengalenga kuomberana ndi mfuti za kuwala, ndinayamba kuwodzera. Mu A View to a Kill anali ndi zaka 57, ndipo chithunzi choyerachi chimaonetsa poyera kuti amene akulumpha ndi kuthamanga ndi munthu wina. Bambo anaimitsa okha filimu, kuyandikira pa TV, n'kuti, "Ameneyu si Roger." Anakhala chete mpaka kumapeto.

Ndiye kunabwera chimbale cha nambala 15, The Living Daylights ya 1987. Timothy Dalton ndinkangomudziwa ngati dzina lodumphidwa pakati pa Moore ndi Brosnan. Chakumayambiriro amutuma kuti aombere munthu wobisala pa windo ndi mfuti, iye akuona kuti ndi mtsikana woimba cello amene ngakhale kagwiridwe ka mfutiyo sakukadziwa, ndiye akungoombera mfutiyo m'manja mwake. Mnzake akumukalipira kuti akamunenera kwa abwana. Nkhope ya Dalton pamenepo ndi imene inandigwira: munthu wotopa ndi ntchito yopha, wodziwa kuigwira bwino koma wonyansidwa nayo, amene atamuchotsa ntchito mawa angathokoze. Connery amaoneka kuti akusangalala ndi ntchitoyi, Moore amaiseka, Brosnan amaivala ngati suti yatsopano. Dalton yekha ndiye amaoneka kuti usiku sagona. Anachokera ku zisudzo za pa siteji, za Shakespeare, ndipo zimadziwika kuti anabwerera ku mabuku a Ian Fleming kuti amutenge munthuyu mmene analembedwera. Zimaoneka. Zomwe anthu anamutamanda nazo Craig mu 2006, kuti wabweretsa Bond wokhetsa magazi ndi wopsa mtima, mnzakeyu anali atazichita kale zaka pafupifupi 20 m'mbuyomo, anthu asanakonzeke kuzilandira. Nthabwala sizimukhala, zimenezo ndivomera, akamanena mawu oseketsa amakhala ngati akumeza kwinini. Koma ine sindinagule bokosi la sewero loseketsa.

Usiku wotsatira tinaika Licence to Kill ya 1989, ndipo apa ndi pomwe ndinakwiyanso, ulendo uno ndili ndi chifukwa chenicheni. Nkhani yake ndi yowawa: mnzake Felix Leiter amuponyera kwa shaki pa tsiku la ukwati wake, mkazi wake n'kuphedwa, Bond akukana lamulo la abwana ake n'kutsata yekha Sanchez, mkulu wa mankhwala osokoneza bongo. Akulowa m'nyumba mwake ngati bwenzi n'kumamunong'oneza mpaka mwiniwakeyo ayambe kupha anthu ake omwe. Bambo, munthu wa Moore uja, nsima inazizira m'mbale. Tinafika pa mathanki a mafuta akuthamangitsana m'misewu ya m'mapiri, limodzi litangopendekeka kuyenda ndi matayala a mbali imodzi, chithunzi n'kuima. Chinasweka timabokosi tobiriwira, mawu n'kumabwereza ngati munthu wachibwibwi, kenako mdima. Tinabwezera m'mbuyo, chimodzimodzi, malo omwewo. Nditatulutsa chimbale n'kuchiunika ndi tochi ya foni, mzere wakuya wozungulira cha kumphepete, woti chikhadabo chimakodwa. Ndinapukuta ndi kansalu ka magalasi a bambo. Mphwanga anayesa mankhwala otsukira mano, akuti amathandiza, chimbale chinangonunkhira bwino basi.

Pa zimbale 23, chokalika n'kukhala chimenechi, mphindi zomaliza zenizeni. Chikadakalika cha Die Another Day, ya galimoto yosaoneka ija, bwenzi nditamuthokoza.

Ndinapitanso kwa mkulu uja, ulendo uno mwaulemu, chipewa m'manja. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kumwetulira. "Bwana, si inu munanditchula wakuba pa chinthu choti kulibe? Ichi mwakala nokha." Ndinamukumbutsa kuti analemba kuti bokosilo ndi ngati latsopano, pomwe zikuonekeratu kuti linagwirapo ntchito kwa wina. Anati ngati latsopano sikuti latsopano. Anzake aja anaseka. Kupepesa kwanga kuja anakusunga ngati chikwanje, ndipo anadikira tsiku lake. Titakangana kwa theka la ola anang'amba pepala m'kope lake n'kulemba kuti adzandibweretsera chimbale china ulendo wotsatira, siginecha pansi. Wapitako kawiri chilembereni pepalalo.

Otsalawo tinamaliza. GoldenEye ya 1995 ikadali yokoma, ndipo Judi Dench, wosewera M, bwana wake wa Bond, amamuposa Brosnan pa chithunzi chilichonse chomwe ali limodzi. Casino Royale ya Craig ndi filimu yabwino kuposa onse m'bokosimu, zimenezo sindikana, koma funso la kunyumba kwathu silinali la filimu, linali la munthu. Chimandiwawa n'chakuti Dalton anangopeza mafilimu awiri. Milandu ya makampani inachedwetsa zonse, panapita zaka 6 popanda filimu ya Bond, ndipo mu 1994 iye analengeza kuti wasiya. Bambo pagulu amanenabe kuti Roger Moore, sangasinthe pa ukalamba uno pamaso pa ana. Koma sabata yatha ndinawapeza masana ali okha akuonera The Living Daylights kachitatu, ndipo atandiona anati amangoyesa ngati makinawo akugwira bwino.

Amene mukufuna bokosili gulani, koma tsegulani pomwepo wogulitsa akuona, chimbale chilichonse muchitembenuze pa dzuwa, ndipo kathumba ka Skyfall musakalimbane nako. Mphwanga akuti andifotokozere mmene Sanchez amathera, ndamuletsa. Pepala la siginecha lija ndalipinda kanayi, lili m'kathumba komweko.