Tsiku limodzi m'nkhungu: Zomba kapena Mulanje?

Ngati muli ndi tsiku limodzi lokha loyenda m'phiri nthawi ya chiperoni, kuyambira Meyi mpaka Julaye, mapiri awiriwa amasiyana kwambiri.

Ku Zomba galimoto imakufikitsani pamwamba, ku Ku Chawe, pa msewu wa phula. Kuchoka apo mumayenda pansi kupita ku Williams Falls, damu la Mulunguzi kapena Chingwe's Hole. Ku Mulanje mumayambira pansi penipeni, ku Likhubula, ndipo kufika pamwamba, pa kanyumba ka alendo ka Chambe, ndi maola atatu kapena anayi a chitunda chokhachokha.

Ndalama: ku Zomba n'zochepa. Ku Mulanje muwerengere wolondolera njira, mwinanso wonyamula katundu.

Matope: ku Zomba ali m'madambo a Mulunguzi, ndipo mutha kuwalambalala. Ku Mulanje udzu wa pamwamba umabisa madzi, mwendo umangoti phwa mpaka m'kakolo, ndipo miyala yonyowa imaterera ngati sopo.

Nkhungu ndiyo nkhani yaikulu. Ku Zomba ikakutsekerani mumatsata msewu wa fumbi wa m'mapaini n'kubwerera. Ku Mulanje imatsika mwadzidzidzi, mnzanu amene ali pafupi osamuonanso, kuzizira kukulowa m'mafupa. Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya Mulanje, ya mamita 3,002, musamuganizire n'komwe pa tsiku limodzi.

Zomba ikuyenera mabanja, ana ndi oyamba kumene. Mulanje ndi wa amene ali ndi miyendo yolimba, jekete la mvula ndi sokosi zosinthira, ndipo ine ndikakhala ndi mphamvu ndimasankha kumeneko.